Kazitape wa mu Laputopu Yako Ndinamuika Ndine

Sadzi, Zomba
Loweruka masana

Wokondedwa mwana wanga Takondwa,

Ndikulemba kalatayi iwe ndi amayi ako mutapita ku Songani kukatsanzika azakhali ako. Ndakana kupita nanu ponamizira mawondo, koma lero mawondo alibe mlandu. Ndimafuna m'nyumba mukhale zii kuti ndilembe zimene zakhala zikundikanika kunena pakamwa. Ndikamaliza ndiipinda n'kuiika pakati pa laputopu, kuti ukaipeze utafika ku Mzuzu, kutali moti sungandigende ndi kanthu.

Anzanga akamatumiza ana ku koleji amawalangiza za anyamata, za mowa ndi za kupemphera. Zimenezo amayi ako akuuza kale, ndipo mawa pa depoti azibwereza mpaka basi inyamuke. Ine ndikulangiza za makina ukutengawa, chifukwa m'banja lino palibe amene walakwitsa zambiri pa kompyuta kuposa ine. Ndiyambe ndi chachikulu, usadzati ndinabisa. Mu laputopuyi muli kazitape, pulogalamu yoba zonse zimene munthu akulemba, ndipo amene anamuikamo ndi ine bambo ako. Khala pansi. Usang'ambe pepala. Werenga mpaka kumapeto kenako undiweruze, pakuti sindikudziwa ngati ukamaliza udzafunanso kundiyankhula. Koma kuti umvetse mmene ndinafikira pamenepo, ndilole ndiyambe ndi uchitsiru wanga waung'ono.

Phunzira kukana, mwana wanga. Ine ndinakulira kwa anthu amene mlendo akati odi pakhomo, umayankha odini usanaone n'komwe nkhope yake. Zaka zonse zija ndinali kalaliki ku ofesi ya za nkhalango kuphiri, palibe wodula mitengo kapena wogulitsa zipatso amene ndinamubweza osamupatsa mpando. Titagula laputopuyi nditapuma pantchito, khalidwe lomwelo ndinapita nalo pa intaneti. Tsamba lililonse likatulutsa kabokosi kopempha chilolezo, ine ndinkadina batani lovomera. Likafuna kumanditumizira mauthenga, ndinkavomera. Likafuna kudziwa kumene ndili, ndinkavomeranso, n'kumadziuza kuti anthu aulemu amafunsa kumene mnzawo amakhala. Batani lokana ndinkaliona ndithu, koma ndinkati kudina pamenepo n'kusaleredwa.

Zotsatira zake zinabwera iwe uli ku sukulu yogonera. Abusa ndi akulu a mpingo awiri anafika kunyumba kuti tikonze ndondomeko ya msonkhano wa chitsitsimutso, ine pokhala mlembi. Amayi ako anali akuthira tiyi. Ndinatembenuza laputopu kuti onse aone bwino, ndikudzimva kuti ndine munthu wamakono. Pakona ya sikirini panatulukira chithunzi cha mayi wina amene telala anamumana nsalu, ndi mawu akuluakulu oti akazi osakwatiwa a mu Zomba akundifuna msangamsanga. Ndinadina kuti chichoke, kunabwera cha mankhwala obwezeretsa mphamvu za abambo. Ndinadinanso, kunabwera cha njuga za mpira. Abusa anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta, ndipo anawapukuta nthawi yaitali kwambiri. Amene anayamba kuyankhula anali amayi ako.

"Akufuneni ndani inu, ndi mawondo amenewo? Abusa, shuga masupuni angati?"

Ine thukuta linali kamukamu, mu Juni, ku Zomba kuno. Ndiye tamvera. Bulawuza, pulogalamu ija umatsegulira masamba a pa intaneti, ili ndi malo a zosintha. Lowa mmenemo, upeze gawo la zilolezo. Letsa masamba kukutumizira mauthenga, letsa timawindo tongotumphuka tokha, ndipo kamera, maikolofoni ndi za kumene uli uziike poti azipempha kaye. Tsamba likapempha, dzifunse kuti likufuna chiyani ndi kamera yako pamene iwe wabwera kudzawerenga. Makina sakhumudwa ukawakaniza, Takondwa. Ndinayesa, sakhumudwa.

Nditachita manyazi chotero ndinayamba kufuna chitetezo, ndipo chitetezocho chinandipeza chokha. Tsiku lina sikirini yonse inafiira, kukumveka kulira ngati kwa ambulansi, mawu akuti kompyuta yanga yadzaza mavayirasi ndi akazitape, ndidine apa andipulumutse. Ndinathokoza Mulungu kuti padziko pano padakali anthu achifundo. Ndinadina. Mpulumutsiyo atangolowa, bulawuza yanga inasintha nkhope. Tsamba loyambira linakhala la anthu ena, pamwamba panasanjikana timizere ta zida zimene sindinaziitane, kamzere pamwamba pa kanzake, mpaka malo owerengera nkhani anatsala ngati kabowo koponyera makalata ku positi. Ndikafufuza nyimbo za kwaya, inkanditengera kwa ogulitsa matayala.

Ndinakadandaula kwa a Mpulula, mnzanga wa bawo uja amene anali mkulu wa alonda a nkhalango. Munthu amene uja chilichonse amachiona ngati nkhani ya ulonda.

"Achimwene, vuto lanu ndi kuchepa kwa anthu," anatero. "Kodi paini wa ku Mulunguzi tinkamulondera ndi munthu mmodzi? Ikani atatu. Wina akagona, wina ali maso."

Anandipatsa fulashi yawo, ine n'kuika mapulogalamu atatu olimbana ndi akazitape, onse ogwira ntchito nthawi imodzi. Alondawo sanagwire mbava ngakhale imodzi. Anayamba kugwirana okhaokha. Woyamba ankalengeza kuti wachiwiri ndi chigawenga ndipo wamutsekera, wachiwiri ankafuula kuti wachitatu akuononga mafayilo, wachitatu ankangofuna kuti ndizimitse makina n'kuyatsanso. Ndikayatsa laputopu m'mawa ndinkatha kusamba, kumeta ndevu, kuperekeza amayi ako ndi madengu awo a sitiroberi mpaka pokwerera, n'kubwerera ikuganizabe. Inkatentha moti amayi ako anafunsa ngati angayanikepo masokosi.

Amene anandipulumutsa zenizeni ndi Abiti Jafali, mayi wokonza makompyuta kuseri kwa msika. Anatsegula laputopu, anayang'ana, anandiyang'ana ine, anayang'ananso makina.

"Baba, kunyumba kuli ana angati amene amaseweretsa ichi?"

Ndinati mwana wanga ali ku sukulu, ndimagwiritsa ntchito ndekha.

"Iii, nokhanokha mwakwanitsa zonsezi? Ayi ndithu, ndinu olimbikira."

Zimene anandiphunzitsa tsiku limenelo ndikukupatsa ulele, ine ndinazilandira nditawerama. Mlonda akhale mmodzi, wodziwika, wotengedwa patsamba la amene anamupanga, osati pa fulashi ya mnzako wa bawo. Anati ngakhale uja amabwera kale ndi makinawa ndi wokwanira kwa munthu wapakhomo, bola akhale woyatsa nthawi zonse. Ukafuna wachiwiri, akhale wongoitanidwa apo ndi apo kudzasesa n'kumapita, osati wogonera pomwepo. Anatinso pulogalamu yoona sikuwa kuchokera m'tsamba la pa intaneti, siliza ambulansi, ndipo sikuuza kuti uimbe foni pompano. Ukaona zoterozo tseka bulawuza yonse, usadine ngakhale batani looneka ngati lokana, chifukwa nalonso limakhala lawo lomwe.

Bulawuza anaichotsa n'kuika ina yodziwika, yotengedwa kwa eni ake. Nditafunsa kuti yabwino koposa ndi iti, anati mkangano umenewo ndi wa anthu osowa chochita. Pa zodziwika zija sankha imene dzanja lako lazolowera. Chofunika n'chakuti izilandira zatsopano yokha, ndipo isasenze katundu. Katunduyo ndi tizida towonjezera tija timamatidwa pa bulawuza. Anandisiyira kamodzi kokha, kotchinga otsatsa malonda ndi olondola mapazi a munthu. Iwe uziyang'ana mndandanda wa tizidato mwezi uliwonse, ndipo kamene sukukumbukira kuti unakaika, kachotse osafunsa. Poika pulogalamu iliyonse usamangodina patsogolo, patsogolo, patsogolo ngati ine. Werenga timabokosi tochongedwa kale tija, mmenemo ndi mmene alendo osaitanidwa amabisala.

Ukuganiza kuti ndinaphunzira? Miyezi ingapo zinthu zinayenda bwino, mpaka ndinaona kuti bandulo ya intaneti ikutha ndisanamalize n'komwe kuwerenga nkhani. Nditafufuza ndinapeza kuti mlonda uja amakoka zatsopano tsiku ndi tsiku. Ndinati, wantchito wanji wodya kuposa bwana wake? Ndinatseka apudeti zonse, zatsopano zija, za mlonda ndi za bulawuza zomwe, n'kudziyamikira kuti ndine wosamala zinthu. Sipanapite nthawi ndinabwerera kwa Abiti nditakupatira laputopu m'khwapa, ndikuyang'ana pansi.

"Baba, mlonda wanuyu akudziwa akuba a chaka chatha. A chaka chino akumadutsa akumupatsa moni."

Usamane mlonda chakudya chake, mwana wanga. Ku koleji kuli intaneti ya ophunzira, ukafika lola zatsopano zilowe zonse. Uike sikani yathunthu, yoti mlonda afufuze makina onse, kamodzi pa sabata, nthawi imene makina ali oyaka iwe ukudya. Fulashi ya munthu wina iliyonse ipimidwe isanatsegulidwe, ngakhale mwini wakeyo akhale wa kwaya.

Tsopano ndafika paja ndakhala ndikupazungulira.

Utamaliza mayeso a fomu folo n'kubwera kudzakhala pakhomo, laputopu inasanduka yako. Ndinayamba kukuona ukuseka wekha pa sikirini, ndipo ndikalowa pabalaza unkaitseka msanga. Ndinawauza a Mpulula tili pa bawo. Sanadikire kuti ndimalize.

"Pali mnyamata pamenepo, achimwene. Makina okha saseketsa munthu choncho."

Anati ali ndi pulogalamu imene imalemba zonse zimene munthu wadina pa kiyibodi, imajambula zimene zili pa sikirini, n'kutumiza lipoti ku foni ya kholo m'mawa uliwonse. Ndinapita kwa Abiti Jafali kuti andiikire. Anakana.

"Baba, ine ntchito yanga ndi kutulutsa akazitape, osati kuwalowetsa. Komanso mukuganiza kuti chinthu chimenecho chimatumiza kwa inu nokha? Amene anachipanga nawonso maso ali nawo. Mwanayo pakamwa ali napo, mufunseni."

Ndinatuluka nditapsa mtima, ndikunena chamumtima kuti mayi ameneyu amadziwa mawaya basi, kulera sakudziwa. Ndinakatenga fulashi ya a Mpulula, yomwe ija. Mlonda wathu anagwira ntchito yake bwinobwino. Nditangoilowetsa anakuwa kuti kwabwera kazitape, n'kumutsekera. Ine, munthu amene ndinalowetsa mbava zonse za pa intaneti mosadziwa, ulendo uno ndinkadziwa chimene ndikuchita. Ndinalowa m'zosintha za mlonda, pagawo la zinthu zimene iye sayenera kuzikhudza, n'kulembamo dzina la kazitape wanga. Tsiku limenelo ndinagwiritsa ntchito kompyuta mwaluso kuposa masiku onse a moyo wanga, ndipo ndimachita nalo manyazi kuposa la abusa lija.

Mnyamata ndinamupezadi, mmodzi, wolemba ndakatulo zomvetsa chisoni, ndipo unamuyankha kuti akabwereze masamu. Pamenepo ndinanyada. Koma zoseka zija zinali za ine. Ndinawerenga ukuuza mnzako kuti nkhani yanga ya kambuku amene ndinakumana naye kuphiri waimva kambirimbiri, ndipo kambukuyo amakula chaka chilichonse. Ndinawerenga kuti suti yanga yabulauni ikufunika kupuma pantchito ngati mwini wake. Ndinawerenga kuti mkonono wanga umamveka mpaka kumsewu. Ndinkakhala pakhonde m'mawa ndi foni, mtima ukuwira, osatha kudziteteza, chifukwa ndikanati kambukuyo analidi wamkulu ukanandifunsa kuti ndamva kwa yani. Nthawi zina unkatsegula windo lachinsinsi la bulawuza. Dziwa lero kuti windo limenelo limangofufuta mapazi m'bulawuza momwemo. Kwa kazitape wokhala m'makina silibisa kanthu.

Kenako matenda anga a shuga anakula, ndinagwa kubafa, n'kukagona m'chipatala masiku aja. Nditatuluka malipoti anasintha. Kuseka kunatha. Unkafufuza zakudya za munthu wa shuga, zizindikiro zoti shuga watsika, chochita munthu akakomoka ali yekha m'nyumba. Ndiye m'mawa wina ndinawerenga kalata imene unkalembera akuluakulu a koleji, yopempha kuti akusungire malo chaka chimodzi, chifukwa amayi ako amakhala kumsewu wa kuphiri tsiku lonse ndipo bambo ako alibe wowayang'anira. Unalemba kuti, bambo anga samvera madokotala, koma ine amandimvera. Unafufuta chiganizo chimenecho, kenako unachilembanso. Kazitape anandionetsa zonse. Ndinalira pakhonde, Takondwa, mpaka amayi a nyumba yoyandikana nafe anasuzumira pampanda kufunsa ngati kwagwa zovuta.

Sindikanatha kukuletsa popanda kuulula, ndipo kuulula ndinkaopa. Ndiye ndinachita zija unkaziona n'kumadabwa. Shuga m'tiyi ndinasiya tsiku lomwelo. Mapilisi ndinayamba kumwera pamaso pako, ndikugwedeza botolo ngati maseche kuti umve. M'mawa uliwonse ndinkakwera msewu wa kuphiri wapansi, ndikutukwana mawondo chamumtima, mpaka otsika ndi nkhuni panjinga anayamba kundilonjera kuti mphunzitsi wa masewera. Iwe unkati ndi mapemphero. Anali mantha, mwana wanga. Patapita milungu ingapo lipoti linandionetsa kuti kalata ija waifufuta osatumiza.

Amayi ako ndinawauza dzana. Sanakuwe, ndipo zimenezo ndi zimene zinandiopsa kwambiri. Anapitiriza kusankha sitiroberi, zabwino uku, zophwanyika uku.

"Ndiye mukufuna mupite naye ku Mzuzu muli m'chikwama?"

Ndinati ayi, koma kwa iwe ndikuvomera kuti maganizowo ndinali nawo. Ku Mzuzu n'kutali. Ndinkadziuza kuti ndizingoona ngati wadya, ngati sukudwala, basi.

"Muuzeni mwana," anatero amayi ako. "Mukapanda kumuuza inu ndimuuza ine, ndipo ine ndikathirako mchere."

Ndikanatha kumuchotsa kazitapeyu mwakachetechete lero, iwe osadziwa mpaka kalekale. Masana ano ndaiyatsa laputopu kawiri kuti nditero. Koma ndaona kuti kumeneko kukhala kukubera kachiwiri. Unali ndi ufulu wolemba kalata ija popanda wokusuzumira paphewa, ndipo uli ndi ufulu wodziwa kuti anakusuzumira. Ndinalakwa, Takondwa. Mantha anga anali oona, koma sanandipatse chilolezo. Ndikupempha undikhululukire, ndipo usachite kuthamanga nako kukhululukako ngati mtima sunafike.

Chita izi usanalembe china chilichonse pa makinawa. Tsegula mlonda, pita pa zosintha, pagawo la zosakhudzidwa. Upezamo dzina limodzi lokha. Lifufute. Lola mlonda akoke zatsopano, kenako yambitsa sikani yathunthu, osati yachidule. Akamugwira adzakufunsa chochita naye, sankha kuchotseratu, usamumvere chisoni. Zimitsa, yatsanso, sikananso. Ukatsimikiza kuti watuluka, sintha mapasiwedi onse, a imelo, a macheza, a koleji, chifukwa onse ndikuwadziwa. Ndipo kunena zoona, dzina la galu wathu ndi chaka chako chobadwa si pasiwedi. Atsopanowo akhale ataliatali, osafanana, ndipo usauze munthu. Usauze mnzako wa m'chipinda, usauze wolemba ndakatulo, usandiuze ine ngakhale ndinyengerere bwanji. Ngati ukukayikabe, pita nayo kwa odziwa ku koleji akaipukute yonse n'kuyambiranso. Akakafunsa kuti anaikamo ndani, uwauze kuti mdala wina wa ku Zomba.

China ichi. Ine ndinatha kuchita zimenezi chifukwa tonse m'nyumba muno tinkalowera khomo limodzi la laputopuyi, akaunti imodzi yokhala ndi mphamvu yoika chilichonse m'makina. Ku hositelo anzako adzafuna kubwereka, wina kulemba ntchito ya m'kalasi, wina kuonera filimu. Uwatsegulire akaunti ya alendo, yopanda mphamvu yoika mapulogalamu, yako ikhale yotseka. Pa makompyuta a ku laibulale, bulawuza ikakufunsa ngati isunge pasiwedi yako, kana, ndipo ukamaliza tuluka mu akaunti usanadzuke pampando. Phunzira kukana, ndabwerezanso. Ngati bambo ako okukonda anachita zimenezi, usaganize kuti wongokumwetulira pakhonde la koleji sangachite.

Za ine usadere nkhawa, ndipo usayerekeze kubwerera pakati pa teremu ndi zikwama. Mapilisi ndikumwa, ndipo ndizimwabe popanda wondiombera m'manja. Amayi ako agwirizana ndi amayi a pampanda aja kuti azindisuzumira masana n'kumapereka lipoti madzulo. Ndiye nane ndapatsidwa kazitape wanga, wachitenje, ndipo ndilibe pakamwa podandaulira.

Lipoti lako limafika pa foni yanga m'mawa uliwonse nthawi ya tiyi, ngakhale tsiku limene makina sanayatsidwe, longonena kuti palibe chatsopano. Chiwauzireni amayi ako sindikulitsegula, koma limafikabe, foni imanjenjemera m'thumba la malaya. Tsiku limene silidzafika ndidzadziwa kuti kalatayi wawerenga, ndipo wachita zimene ndakuuza. Kuyambira pamenepo, za moyo wako ndizidziwa zokhazo zimene iwe wafuna kundiuza.

Uyende bwino, mwana wanga, ukaphunzire. Ine ndizikhala pakhonde, foni ili m'dzanja, kudikira kuti ikhale chete. Ikakhala chete, ndiyamba kudikira kuti ilire.

Ndine wolakwa koma wokukonda,
Bambo ako